Tinanyamula Mabatire, Matenda Tinawasiya M'boti

Ndiyambe n'kuvomera kuti tisavutane kutsogoloku: waya uja ndinazula ndine. Si khoswe, si dzimbiri, si mfiti. Ndine Rashidi wa Fomu 3, ndi pulayasi yobwereka.

Amalume anga, Che Saidi, ali ndi boti pa nyanja ya Chiuta. Kumbuyo kwake kuli injini yaikulu ya petulo, ndipo pambali pake pali kamota ka magetsi koyenda mwakachetechete. Injini yaikulu ndi yopitira kutali. Akafika m'mabango momwe mumabisala makumba ndi milamba, amaizimitsa n'kuyatsa kamota kuti nsomba zisabalalike. Kamotako kamadya moto wa mabatire awiri akuluakulu amene amakhala pakati pa boti, ndipo mabatirewo amawatchaja ndi injini yaikulu ija ikamalira, kudzera m'kabokosi kakuda ka pansi pa benchi ya kumbuyo. Anamanga zonsezi ndi Mayi Namaona, fundi wa zamagetsi wa ku Balaka. Pochoka anasiya lamulo limodzi: pakabokosipo pasafike dzanja la munthu. Amalume analisunga lamulolo mpaka kusuzumira komwe pansi pa benchiyo sankasuzumira.

Ine ndinatola hutala ya lole ku Nayuchi, pamulu wa zitsulo zakutha. Nzeru inabwera yokha. Ndinaganiza kuti ndikazula waya wopita ku mabatire n'kumulumikiza ku hutala, amalume akadzangoliza injini, hutalayo idzalira pansi pa matako awo penipeni, asodzi onse a padoko akuona. Lamlungu masana ndinagwira ntchito yanga mwaukhondo. Lolemba m'mawa ndinabisala m'bango. Injini inalira, hutala zii. Inali yakufa kalekale. Ndinatukwana chamumtima, n'kupalasa njinga kupita ku Chikweo komwe ndimagonera pakati pa sabata chifukwa cha sukulu, ndipo za waya ndinaiwaliratu.

Nditabwerako Lachisanu ndinapeza pakhomo pali ngati pa maliro. Kamota kanakhala kakufooka tsiku ndi tsiku mpaka kanazimiratu. Mabatire anali pakhonde, kumbuyo kwa boti kunali kokuta ndi lona, tcheni ndi loko, kiyi ali m'thumba mwa amalume. Mlandu unali utagwera Che Adini, amene amaponya maukonde ndi kulondera botilo. Iwowa anagwidwapo kale akutchajira anthu mafoni pa mabatirewo, ndiye amalume sanafune umboni wina.

"Mawa tipita nawo kwa mwini wake ku Balaka," anatero amalume. "Akanena kuti afa, Che Adini, pa boti langa musadzapondenso."

Che Adini ndi mkamwini m'mudzi mwathu, kwawo ndi kutsidya ku Mozambiki. Apongozi awo amawapirira chifukwa cha nsomba zomwe amabwera nazo madzulo. Popanda boti, aliyense ankadziwa kuti awaonetsa njira ya kwawo posachedwa, ana n'kutsala. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule.

"Iwe Rashidi, upita nawo. Tikufuna wonyamula," anatero amalume.

Ndinatseka pakamwa. Chibadwire ndinali ndisanawolokepo Shire. Ndikanaulula pamenepo, ulendo ukanafera pakhonde. Ndinadziuza kuti chilungamo sichiwola, ndikachinenera ku Balaka nditaona kaye tawuni.

Tinanyamuka itangotha swala, pemphero lathu la m'mawa, batire lililonse litamangidwa ndi mphira pakaliyala. Amene sananyamulepo batire la boti asalankhule za katundu wolemera. Njinga yanga inkadzuka kutsogolo ngati mbuzi yofuna kugunda, ndipo mumchenga tinkachita kukankha. Amalume ankayenda patsogolo ndi kajumbo ka mapepala basi, n'kumatembenuka kutifunsa ngati tadya kapena ayi.

Ku Chikweo tinasiya njinga kwa amayi omwe ndimagonera kwawo, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kudikira matola. Dzuwa linakwera, mthunzi unasamuka, ifenso tinasamuka nawo. Kunadutsa njinga zamoto zingapo, koma aliyense akayesa kukweza batire ankalibweza pansi n'kupukusa mutu. Kenako kanafika kalole kodzaza matumba a mpunga, madengu a matemba ndi anthu pamwamba pake. Mnyamata wolipiritsa anati batire lililonse lilipire ngati munthu.

"Munthu wake uti wopanda miyendo?" anafunsa amalume.

"Ndiye ngovuta kumene ameneyo, achimwene. Sadzikweza yekha."

Anakangana mpaka anagwirizana kuti mabatire awiri akhale munthu mmodzi. Ndinakhala pamwamba pa batire langa, mayi wina wonenepa wogulitsa makaka atandipanikiza kumanzere. Msewu wa ku Nselema ndi wa mabampu, ndipo bampu iliyonse timadzi ta m'batire tinkatuluka pang'ono pakachivindikiro. Ine ndinaona, koma palibe anandifunsa. Titayandikira ku Nselema mayi uja anakoka chitenje chake n'kupeza tamabowo tatatu m'mphepete, ngati pomwe padya njenjete.

"Mwana iwe, ukusuta fodya kumbuyo kwangaku?"

"Iyayi mayi, ndine mwana wasukulu."

"Asukulu ndi amene mumasuta kumene."

Che Adini ndi amene anapepesa, ngakhale batire linali langa. Anavula jekete lawo n'kulikuta nalo. Ndi mtundu wa munthu umenewo, ndipo zinandinyansa pang'ono kuti akundivutitsa mumtima ulendo usanafike n'pakati pomwe.

Pa Nselema tinaponda tala. Tinakwera minibasi ya ku Liwonde, mabatire pansi pa mapazi athu, mawondo kukhosi. Itadzaza, dalaivala anapotokola kiyi. Inangoti kwe, kwe, n'kukhala chete. Kondakitala anasuzumira pansi pa mpando wathu, maso ake n'kuwala.

"Abwana, Mulungu wakutumani. Tibwerekeni limodzi tingolizira."

"Ndi odwala amenewa," anatero amalume. "Tikupita nawo kuchipatala."

"Onse awiri?"

"Funsani awa," amalume analoza Che Adini ndi chibwano. "Ndi amene amadziwa zomwe anawadyetsa."

Minibasi yonse inaseka. Che Adini anangoyang'ana pawindo. Amuna tonse tinatsika kukakankha, ndipo italira tinathamangira kukwera ikuyenda, ine n'kugwera pamiyendo ya mkulu wina amene ananyamula thireyi ya mazira. Anasweka ochepa okha. Mkuluyo anandiuza zambiri za makolo anga zimene sindingalembe pano.

Pa Ntaja anthu ambiri anatsika, ndipo dalaivala anati sanyamuka mpaka idzazenso. Injini sanaizimitse poopa kukankhitsa anthu kachiwiri, ndiye tinkangokhala mu utsi. Nthawi ya swala ya masana itakwana amalume anapita kumzikiti, n'kutiuza kuti tizisinthana kuti katundu asakhale yekha. Tinatsala awiri. Che Adini anatulutsa chinangwa chophika m'kapepala n'kundigawira chachikulu.

"Idya, mphwanga. Wanyamula kwambiri."

"Nanga akakuchotsani ntchito mutani?"

"Akazi anga, mayi ake a Amina, anena kale kuti mwamuna wopanda ndiwo ndi mlendo." Anaseka pang'ono. "Za mafoni zija ndinachitadi, koma ndi chaka chatha. Ndinalumbira, ndipo sindinabwerezenso. Kungoti munthu ukagwidwa kamodzi, mbuzi iliyonse yosowa imakhala yako."

Ndinatsala pang'ono kunena. Koma ku Balaka kunali kutatsala pafupi, ndipo ndinaona kuti munthu amene wapirira sabata yathunthu sangafe ndi maola ochepa. Mukhoza kundiweruza. Chinangwacho ndinamaliza.

Ku Liwonde apolisi a parodibuloko anatitsitsa ndi mabatire athu. Anati masiku ano akuba akuzula mabatire a sola m'mipopi ya m'midzi, ndiye amafuna lisiti. Amalume anakhuthula kajumbo kawo konse pabonati: khadi la kusikelo la mwana wawo, chiphaso cha boti, pepala la feteleza la zaka zapitazo. Lisiti linapezeka litapindidwa mkati mwa chipewa chawo. Pofika pamenepo minibasi yathu inali itapita, poti sikanatha kuima nthawi yaitali osazima. Tinawoloka mlatho wapansi, batire paphewa. Shire amene ndinamuvutikira chonchi ndinamuona ndi diso limodzi, lina litatsekedwa ndi thukuta. Ndi madzi ndithu. Kwathu aliko ambiri.

Kutsidya tinapeza minibasi ina, ndipo dzuwa litapendeka tinafika ku Balaka. Njinga za kabaza zinali mbwee, mabelu ngiringiri paliponse. Shopu ya Mayi Namaona tinaipeza kuseri kwa msika, koma eni ake kunalibe. Tinapeza kamnyamata kovala mahedifoni, kamene kanati abwana apita ku Rivirivi kukakonza pampu ya sola pa sikimu ya mthirira, abwerako mawa kapena mkuja. Amalume anakachonderera kuti kayeze. Kanagunditsa timawaya tiwiri ta mita pa batire loyamba, kenako lachiwiri.

"Mulibe kanthu umu. Afa awa, mugule ena."

Amalume sanakweze mawu. Anatembenukira kwa Che Adini n'kunena kuti, "Mwamva nokha. Ndikulipirirani ulendo wobwerera chifukwa ndine Msilamu, koma tikafika mukatenge zanu m'boti."

Che Adini anavula chipewa n'kuchiyang'ana mkati ngati muli yankho. Ine tawuni ndinali nditaiona, ndipo kunena zoona inali fumbi lomweli la kwathu, kungoti lokhala ndi magetsi.

"Amalume, si iwowa. Ndine. Ndinazula waya pakabokosi n'kulumikiza hutala."

"Hutala yanji?"

"Ya lole. Ndimafuna ikulizeni."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Che Adini akupatsa chiyani, chinangwa?"

"Wallahi, amalume."

"Iwe ndi amene unauza mudzi wonse kuti kwabwera ng'ona pachitsime. Iwe ndi amene unalumbira kuti sunamange mchira wa mbuzi ya shehe ku belu la njinga. Lero ndikhulupirire wallahi wako? Hutala ikanalira tikanaimva."

"Inali yakufa."

"Eya. Hutala yakufa, yosaoneka, yosamveka. Che Adini, mwafika pophunzitsa ana kunama?"

Apa ndi pamene mantha anandigwira koyamba tsiku lonse. Ndinali nditasunga chilungamo changa ngati ndalama ya m'thumba, osadziwa kuti pokachitulutsa adzati n'chachinyengo. Umboni unali pansi pa benchi ku Chiuta, ndipo ndinkawadziwa amalume: mawu akatuluka pamaso pa anthu sawabweza, ngakhale atapeza hutala khumi. Zinayenera kutha tisanakwere galimoto yobwerera.

"Tiyeni kwa Mayi Namaona," ndinatero. "Munanena kuti anene ndi mwini wake. Uyu si mwini wake."

Kamnyamata kaja kanachotsa hedifoni imodzi kuti kayankhe, koma amalume anali atanyamula kale kajumbo kawo. Mawu awo omwe ndi amene anawakola.

Tinapita pa kabaza, njinga zinayi: atatu ife, ndipo yachinayi inanyamula mabatire onse awiri, mwini wake akudandaula njira yonse kuti sipoko zikulira. Pena tinkatsika kukankha, pena kufunsa njira. Mkulu wina anatilozera kumanzere, mkazi wake n'kutilozera kumanja, n'kuyamba kukangana ife tili chiimire. Tinatsata mkaziyo. Tinafika pa sikimu dzuwa litafiira, n'kupeza Mayi Namaona ali mu ovolosi, matope mpaka m'mawondo, akumanga paipi m'mphepete mwa mtsinje.

"Che Saidi a ku Chiuta? Mwanyamula mabatire ulendo wonsewu? Bwanji osangoimba foni?"

"Nkhani yake ndi yofuna maso," anatero amalume.

Anamvetsera mbali zonse akupukuta manja. Anayeza mabatire ndi mita yawo, n'kutsegula tizivindikiro kusuzumira madzi.

"Kodi injini yaikulu ikumalira bwinobwino mukapotokola kiyi?"

"Kamodzi n'kamodzi."

"Ndiye injini ikutchaja. Paja ndinakuuzani: injini imayamba yadyetsa batire lake laling'ono lolizira. Likakhuta, kabokosi kaja kamatsegula njira kuti moto wotsala upite kwa awiriwa. Mukazimitsa kamatseka, kuti kamota kasayamwe batire lolizira n'kukusiyani pakati pa nyanja. Ngati laling'ono lili bwino koma awa ali ndi njala chonchi, moto ukuthera panjira."

"Si mafoni?"

"Mafoni angamalize mabatire awa akumadya tsiku lililonse? Mwina mudzi wonse utabwera ndi mawailesi omwe." Anatembenukira kwa ine. "Iwe wahutala, bwera kuno. Kabokosi kanga kali ndi mawaya angati?"

"Atatu. Wakuda mmodzi, ofiira awiri."

"Unazula uti?"

"Wofiira wa kumanja, wokhala ndi kafyuzi pakati. Munamumanga tepi yachikasu, ndipo natiyo ndi yosiyana ndi zinzake, ndi ya njinga."

Mayi Namaona anaseka mpaka kugwira paipi. "Inanditayikira m'madzi nati yake, n'kubwereka ya njinga ya munthu padoko. Che Saidi, mwana uyu analowadi pansi pa benchi. Zimenezi sangazilote."

Sindinasangalalepo chonchi chifukwa chopezeka wolakwa. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Che Adini anati alhamdulillah motsitsa, kawiri, n'kuvalanso chipewa chawo.

"Nanga afa?" anafunsa amalume.

"Akomoka. Akanakhala chonchi mwezi, bwenzi tikunena zina. Ndiwaika pa tchaja ya pang'onopang'ono usiku wonse, tione m'mawa. Ndipo mukabwerera, musamayembekeze kuti injini ikangolira pang'ono padoko ndiye yatchaja. Imafuna kuthamanga ndithu, ulendo wautali. Komanso ndinati musagwire, sindinati musayang'ane. Mukanasuzumira, bwenzi mutapulumutsa nsana wa anthu awa."

Tinagona m'kanyumba kosungiramo mapaipi, pafupi ndi mabatire a sikimu omwe ankagawira athu moto. M'mawa Mayi Namaona anayezanso, n'kulumikiza babu lalikulu kwa kanthawi kuti aone ngati moto ukukhazikika. Unakhazikika. Anati moyo wawo wafupikirako pang'ono, koma agwira ntchito. Anandipatsa fyuzi yatsopano ndi nati yoyenera, n'kundijambulira pansi ndi kamtengo momwe ndikabwezeretsere waya.

"Wazula ndiwe, ukabwezere ndiwe. Manja uli nawo abwino, mutu ndi umene ndikukayika."

Amalume si munthu wonena pepani. Titayamba kumanga katundu, Che Adini anawerama kuti anyamule batire lawo, amalume n'kuwagwira mkono.

"Siyani, achimwene. Mwanyamula zokwanira."

Ndinaganiza kuti anyamula okha. Anangondiyang'ana. Kuchokera ku Rivirivi mpaka ku Chiuta, paliponse pofunika kukweza kapena kutsitsa, mabatire onse awiri anali anga: kunyamula lina, kulisiya, kubwerera kukatenga linzake. Pa Ntaja amalume anagula nyama yowotcha ndi zakumwa ziwiri zozizira, china chawo, china cha Che Adini. Ine anandipatsa madzi a pampopi. Che Adini anandipatsira nthuli ziwiri kuseri kwa mpando.

Titafika, amalume anatsegula loko anthu a padoko ataunjikana, poti mbiri inali itatsogola. Ndinakwawira pansi pa benchi n'kutulutsa hutala ija, yadzimbiri, kangaude atamangamo kale nyumba. Ndinabwezera waya. Tinathamangitsa boti mpaka pakati pa nyanja n'kubwerera, ndipo kanyali ka pakabokosi kanayaka kobiriwira. Madzulo ake Che Adini anapita kwa apongozi awo ndi milamba iwiri ikuluikulu, akuyenda pakati penipeni pa njira.

Chilango chinalengezedwa pakhonde, mayi anga ali pomwepo akuvomereza ndi mutu. Holide yonse yotsatira ndikhala m'boti, pansi pa ulamuliro wa Che Adini. Tikafika m'mabango, kamota kazipuma kuti mabatire achire bwino, ine ndizikankha boti ndi nsungwi, mwakachetechete, ndipo nsomba ikathawa chifukwa cha phokoso langa, tsiku limenelo ndiwo zanga ndi mchere.

Ndikulemba izi manja ali ndi matuza. Koma holide yake ndi ya nthawi yogalauza, ndipo anzanga onse ali m'minda ndi makasu kuyambira mbandakucha, fumbi mpaka m'mano. Ine ndili pamadzi, kamphepo kakuwomba, ndikudya makumba owotcha. Che Adini ndi bwana wosadziwa kulamula: amalume akangogona chafufumimba kutsogolo kwa boti, amandikodola kuti ndikhale pansi, n'kuyatsa kamota. Sikamveka n'komwe.